ZA CUMA NDI MALONDA: Mwini Mbedza Imodzi Asankhe Dziwe

M'danga lathu la sabata ino tikamba nkhani imene ikhudza thumba la banja liri lonse limene liri ndi kanthu kogulitsa. Tonse tidziwa kuti botolo la uci limene ligulidwa pa mtengo wozizira m'mbali mwa mseu ku Nyimba kapena ku Petauke, likafika m'masitolo akuluakulu a mu Lusaka mtengo wake umakwera kwambiri. Nkhuku ya kumudzi, mpunga wonunkhira wa ku Chama, nshawa za Chalimbana, madengu ndi mphasa zolukidwa mwaluso, zonsezi ziri ndi anthu amene ali okonzeka kuzigula ndi ndalama zooneka. Cobvuta n'cakuti anthuwo akhala kutali ndi ife, ndipo phindu lalikulu limatsalira m'manja mwa ogula oyendayenda amene amaima pakati pa mlimi ndi wakudya.

Masiku ano anthu opeza bwinowa amathera nthawi yaitali maso ali pa lamya za m'manja, kuwerenga ndi kuonerera za pa intaneti. Kaamba ka ici makabungwe a amai, makopaletivu ndi acinyamata ambiri a m'midzi ayamba kufunsa kuti: kodi ife amene tiri ndi ndalama zocepa tingawafikire bwanji anthu amenewa kuti adziwe za katundu wathu? Yankho liripo, koma liyamba ndi cenjezo. Munthu amene ali ndi khoka lalikulu angathe kuponya pali ponse m'mtsinje. Koma amene ali ndi mbedza imodzi ndi nyambo yocepa ayenera kuyamba wadziwa dziwe limene muli nsomba imene afuna. Akapanda kutero, tinsomba tating'ono tidzamaliza nyambo yonse, iye n'kubwerera kumudzi cimanjamanja.

Kusatsa malonda kale ndi lero

Kale munthu wofuna kusatsa malonda anali kugula danga m'nyuzipepala monga Times of Zambia kapena Zambia Daily Mail, apo ai anali kulipira nthawi pa wailesi. Njira zimenezi zikali kugwira nchito, koma wosatsa amalipirira anthu onse amene amva kapena kuwerenga, kaya ndi ogula kaya si ogula. Ndico cifukwa cake zinali njira za makampani akuluakulu.

Zinthu zinayamba kusintha m'caka ca 2000 pamene kampani ya Google inatsegula njira yoti munthu wamba adziikira yekha uthenga wa malonda. Facebook, imene inayamba m'caka ca 2004, inatsegula njira yotereyi mu 2007. Pambuyo pake eni ake a Facebook anagula Instagram mu 2012 ndi WhatsApp mu 2014, ndipo kuyambira mu 2021 kampani yonseyo ichedwa Meta. Cimene makampaniwa agulitsa ndi mwai wosankha anthu amene adzaona uthenga wanu: akhala kuti, ali ndi zaka zingati, akonda ciani. Ndiponso inu eni ake ndinu amene munena ndalama zimene mufuna kuononga pa tsiku, ndipo zikatha uthengawo umaima.

Alimi a fodya adzamvetsa msanga m'mene mtengo umapangidwira, pakuti zifanana ndi okushoni. Nthawi iri yonse pamene munthu atsegula Facebook pa lamya yake, pamakhala kadanga koikapo uthenga wa malonda, ndipo onse amene afuna munthu wa mtundu umenewo amapikisana m'kuphethira kwa diso. Makina ndiwo amaweruza. Amayang'ana ndalama imene wosatsa walonjeza, ubwino wa uthenga wake, ndiponso ngati munthuyo aoneka kuti angacitepo kanthu akauona. Apa pali mfundo ziwiri zoyenera kusunga. Yoyamba, maso a munthu wolemera ndi odula, cifukwa mabanki, ogulitsa magalimoto ndi ogulitsa nyumba onse alimbirana munthu yemweyo. Yaciwiri ndi yotonthoza mtima: uthenga wabwino umene anthu aulabadira ungathe kupambana uthenga wozizira wa munthu wa ndalama zambiri.

Msampha wa zala zambiri

Pansi pa cithunzi ciri conse cimene mwaika pa tsamba lanu la malonda pamaoneka kabatani kolembedwa kuti Boost. Ambiri amakadina mosaganizira, nasankha dziko lonse la Zambia, nalipira. M'mawa mwake apeza anthu mazana ambiri aika cizindikiro ca cala cacikulu, ena alemba kuti zakoma, ndipo mtima wa wogulitsa umasangalala. Koma sabata ikatha aona kuti palibe ngakhale botolo limodzi limene lagulidwa.

Makinawo sananame ai. Anacita cimene anauzidwa. Mukawauza kuti mufuna anthu oika zala, iwo amafunafuna anthu amene amakonda kuika zala pa ciri conse, ndiponso amene ali ochipa kuwafikira. Kalembera wa mu 2022 anapeza kuti dziko lathu liri ndi anthu oposa 19 miliyoni. Ndalama zanu zocepazo zikamwazikana pa khamu lotere, zikhala ngati kamcere kamodzi m'mgolo wa madzi. Akulu anati ici cakoma ici cakoma pusi anagwa cagada. Zala za pa Facebook sizigula feteleza, sizilipira fizi ya mwana ku sukulu. Motero posankha colinga ca uthenga wanu, sankhani cakuti anthu akulembereni pa WhatsApp kapena akuimbireni lamya, pakuti munthu amene wafunsa mtengo ndi m'mene angalandirire katundu ndiye wayandikira kugula.

Kodi wolemera timamdziwa bwanji?

Musayembekeze kupeza malo olembedwa kuti anthu olemera a mu Zambia oti mungosankha. Wosatsa ayenera kulondola mapazi monga acitira mlenje m'thengo.

Phazi loyamba ndi malo. M'malo mosankha dziko lonse kapena mzinda wonse wa Lusaka, mungathe kuika cizindikiro pa mapu ndi kuzunguliza bwalo la makilomita ocepa cabe. Madera monga Kabulonga, Woodlands, Ibex Hill, Roma, Sunningdale ndi Leopards Hill adziwika kuti kukhala anthu opeza bwino. Koma dziwani kuti bwalo siliona mpanda. Kabulonga ali pafupi ndi Kalingalinga ndi Mtendere, ndiponso m'nyumba zazikuluzo mugwira nchito alonda, ophika ndi osamalira maluwa amene nawonso ali ndi lamya. Cotero malo paokha sakwanira.

Phazi laciwiri ndi msinkhu. Ophunzira a m'makoleji ndi oculuka pa intaneti, koma amene amagulira banja zakudya za mwezi ndi anthu okhwima. Kuyambira pa zaka 30 kupita m'tsogolo ndi poyambira pabwino. Phazi lacitatu ndi mtundu wa lamya: Facebook ilola wosatsa kusankha anthu ogwiritsa nchito iPhone okha, imene ndi lamya ya mtengo wapatali. Phazi lacinai ndi zokonda, monga kuphika, maulendo, kapena kukongoletsa nyumba. Komabe musaunjike zonsezi mpaka gulu licepe kopitirira, cifukwa gulu likacepa kwambiri mtengo umakwera ndipo anthu omwewo amaona uthenga wanu mobwerezabwereza mpaka utawakola.

Sefa yoposa zonse ndi uthenga weni-weniwo. Lembani mtengo poyera. Ambiri aopa kuti mtengo udzathawitsa anthu, koma amene athawa mtengo sakanagula ndi kale, ndipo akanakutayitsani nthawi ndi ndalama za mabando poyankha mafunso ao. Anthu ambiri a m'madera tachulawa amawerenga za malonda m'Cingelezi. Tsono pemphani aphunzitsi kapena mwana amene anapita patali ndi sukulu kuti akukonzereni mau ocepa, omveka, opanda zolakwa. Cithunzi cijambulidwe panja m'mawa kapena madzulo pamene dzuwa liri lofewa, katundu ali pa nsalu yoyera, popanda mbale zakuda kapena nkhuku kumbuyo kwake.

Cimene wolemera amagula

Munthu wa ndalama sasowa uci. Masitolo ali nawo wambiri. Cimene asowa ndi kudziwa kumene wacokera, amene anaufula, ndi citsimikizo cakuti sunasakanizidwe ndi shuga. Zitsanzo za ici tiri nazo kuno kwathu ku Cigawo ca Kum'mawa.

Bungwe la COMACO, limene linayamba m'caka ca 2003 m'cigwa ca Luangwa motsogozedwa ndi a Dale Lewis, ligula nshawa, mpunga ndi uci kwa alimi ang'onoang'ono ndi kuzigulitsa m'dzina lakuti It's Wild! Ciponde cao cipikisana ndi ca makampani akuluakulu cifukwa wogula amauzidwa nkhani yake: kuti alimi amene analima nshawazo analonjeza kusamala nthaka, kusunga mitengo ndi kuleka kupha nyama popanda cilolezo. Ku Mfuwe kuli Tribal Textiles, kumene anthu a m'deralo amajambula nsalu ndi manja, ndipo nsaluzo zigulidwa ndi alendo odzaona nyama ku South Luangwa ndiponso ndi anthu a maiko akutali kupyolera pa intaneti. Komweko kuli Mulberry Mongoose, kumene amai amapanga mikanda ndi zibangili kucokera ku mawaya a misampha imene yacotsedwa m'thengo. Waya wa msampha paokha ulibe mtengo. Koma wogula akamva kuti waya umenewo ukanapha nyama ndipo tsopano udyetsa banja, amalipira mokondwa.

Kabungwe ka kumudzi sikangafanane ndi mabungwe amenewa pa ukulu, koma phunziro ndi limodzi. Uzani wogula zoona za katundu wanu: mudzi wake, mitengo imene njuci zinatengako maluwa, mwezi umene munafula, manja amene analuka dengu. Kanema wamfupi wa amai akusefa uci pa malo aukhondo anganene zambiri koposa mau okometsera. Koma nkhaniyo ikhale yoona. Wogula akazindikira bodza limodzi sabweranso, ndipo amauza anzake onse.

Tiyeni tiwerengere

Musanalipire ngwee iri yonse, khalani pansi ndi pensulo. Manambala otsatirawa ndi ongoyerekeza, inu muikepo anu. Tinene kuti kabungwe kagulitsa botolo la uci pa K120. Mukacotsapo mtengo wa uci, botolo, cipepala comatapo ndi ulendo, phindu lotsala ndi K40. Kabungweko kapatula K600 ya kusatsa, ndiko kuti K60 pa tsiku kwa masiku 10. Kuti ndalamayo ibwerere, pafunika kugulitsa mabotolo 15. Ngati masiku 10 atha ndipo mwagulitsa mabotolo 5 cabe, wina anganene kuti mwaluza. Koma taonani: wogula m'modzi akakhutira, nayamba kugula botolo limodzi mwezi uli wonse, pa caka adzakupatsani phindu la K480. Ogula okhulupirika awiri abweza ndalama yonse ija ndi kupitirirapo. Apa m'pamene pagona nkhani. Kusatsa kolipira ndi kopezera wogula koyamba. Kumsunga ndi nchito ya khalidwe lanu, ndipo sikulira ndalama.

Musaike ndalama zonse pa uthenga umodzi. Konzani mauthenga awiri osiyana pa cinthu cimodzi cokha, kapena cithunzi kapena mau, ndipo muwayendetse pamodzi kwa masiku angapo. Musathamangire kusintha pa tsiku loyamba, pakuti makinawo amafuna nthawi kuti aphunzire anthu amene alabadira; kuona maso a nkhono n'kudekha. Pambuyo pake imitsani wofooka ndi kuika ndalama zotsala pa wamphamvu. Mlembi wa kabungwe akhale ndi kabuku kolembamo tsiku, ndalama zimene zapita, anthu amene afunsa, ndi amene agula. Wogula ali yense afunsidwe kuti anamva kuti za inu. Kumbukiraninso kuti malipiro a mauthengawa amafuna khadi la ku banki monga Visa kapena Mastercard, ndipo kawirikawiri amawerengedwa m'madola, kotero Kwacha ikasintha mphamvu mtengo nawo umasintha. Ikani malire a ndalama ndi tsiku lothera, kuopa kuti khadi lingapitirize kudyedwa inu muli kumunda.

Abale athu a kunja ndi alendo

Gulu lina la ogula ndi ana a dziko lino amene agwira nchito ku Britain, ku South Africa ndi maiko ena. Kufikira munthu wa ku London ndi kodula koposa kufikira wa mu Lusaka, ndipo kutumiza zakudya kunja kuli ndi malamulo okhwima amene kabungwe kakang'ono sikangawakwanitse msanga. Njira yapafupi ndi iyi: wa kunjayo alipire, koma katundu aperekedwe kwa makolo kapena abale ake konkuno. Thumba la mpunga, nkhuku ndi uci zoperekedwa kwa amai ake pa Khrisimasi ndi mphatso imene mwana wa kutali amaifuna. Anthu otere amapezeka m'magulu ao a pa Facebook ndi WhatsApp, kumene mau a mnzao amene anakhutira amalemera koposa uthenga wolipira.

Amene muli pafupi ndi Mfuwe, kumbukirani kuti alendo amaculuka m'nyengo ya cilimwe, makamaka kuyambira June mpaka October. Malo ogona alendo amafuna ndiwo zamasamba, mazira, uci ndi zoluka. Pamenepa simufunika kufikira anthu zikwi ai. Mufunika munthu m'modzi cabe, amene amagulira malowo zinthu. Uthenga waulemu wokhala ndi zithunzi ndi mitengo, wotsatiridwa ndi citsanzo ca katundu coperekedwa pamanja, ungabale pangano la nyengo yonse. Momwemonso yang'anani nthawi zimene anthu a m'mizinda amakumbukira kwao, monga mwambo wa Nc'wala ku Mtenguleni kumapeto kwa February ndi wa Kulamba ku Mkaika kumapeto kwa August. Kusatsa kwa masiku ocepa pa nthawi yoyenera kuposa kusatsa kozizira kwa caka conse.

Zoyenera kukonza musanayambe

Kuitana alendo nyumba isanaseseke ndi kudzicititsa manyazi. Munthu wopeza bwino amagula nthawi yake. Akafunsa m'mawa, nayankhidwa mawa lake, amakhala atagula kale kwina. Sankhani munthu m'modzi wosunga lamya ya kabungwe, amene akhala pamene netiweki igwira ndipo ali ndi pochajira. WhatsApp Business, imene inayamba mu 2018, ndi yaulere, ndipo ilola kuika zithunzi za katundu ndi mitengo yake pamalo amodzi. Ganizirani za ulendo: kucokera ku Chipata kufika ku Lusaka ndi mtunda woposa makilomita 500. Kutumiza botolo limodzi-limodzi pa basi kudzadya phindu lonse. Ndi bwino kusonkhanitsa maoda, kutumiza kamodzi pa sabata, ndi kukhala ndi mbale wokhulupirika mu mzinda amene alandira katundu ndi kupereka kwa ogula. Mutu umodzi susenza denga. Mabanja khumi ogwirizana angathe kusunga katundu wokwanira caka conse, pamene banja limodzi likhoza kuthedwa pa mwezi waciwiri ogula atangozolowera.

Lembetsani dzina la malonda anu ku PACRA, ndipo ngati mugulitsa zakudya funsani a zaumoyo ku khonsolo ya kwanu ndi a Zambia Bureau of Standards za ukhondo ndi zoyenera kulembedwa pa botolo. Zimenezi zimakhazika pansi mtima wa wogula amene sanakuoneni ndi maso.

Cenjeraninso ndi anthu amene amalonjeza kukugulitsani otsatira zikwi zambiri pa tsamba lanu, kapena mndandanda wa manambala a lamya a anthu olemera. Otsatira ogulawo kawirikawiri si anthu eni-eni ndipo sagula kanthu. Kunena za manambala, dziko lathu liri ndi lamulo loteteza mbiri ya munthu, la Data Protection Act la mu 2021, ndipo kugwiritsa nchito manambala a anthu popanda cilolezo cao kungakuikeni m'mabvuto, kuonjezera pa kukwiyitsa amene mufuna kuti akhale ogula anu. Sungani manambala a okhawo amene anakulemberani okha, ndipo muwapemphe ngati alola kuti muziwadziwitsa katundu watsopano akafika. Pomaliza, musatumize katundu cifukwa ca uthenga cabe wonena kuti ndalama zalowa. Yambani mwaona m'akaunti yanu ya Airtel Money, MTN kapena Zamtel kuti zafikadi, pakuti akuba nawonso adziwa kulemba mauthenga ofanana ndi eni-eni.

Awerengi okondedwa, intaneti siinathetse kusiyana kwa wolemera ndi wosauka, ndipo kampani yaikulu idzakhalabe ndi mau okweza koposa kabungwe ka kumudzi. Koma kabungweko sikafunika kumvedwa ndi dziko lonse. Mabanja makumi awiri kapena atatu a mu mzinda amene akhulupirira uci wanu, nagula mwezi ndi mwezi, nauzako anansi ao, ndi okwanira kusintha cuma ca mudzi. Pa msonkhano wanu wotsatira, musanakambe za ndalama zoika pa Facebook, yambani mwayankha mafunso atatu awa: wogula wathu ndani, akhala kuti, ndipo adzalandira bwanji katundu pa tsiku limene tamulonjeza? Mukagwirizana pa mayankho ake, yambani ndi zocepa, lembani zonse m'kabuku, ndipo onjezerani pokhapo pamene kabukuko kaonetsa phindu. Pang'ono pang'ono ndi mtolo. Tidzakumananso m'danga lino sabata ya mawa.